Bokosi la Mbedza Zosachita Dzimbiri

Ana inu, khalani pansi pang'ono. Miyendo yangayi masiku ano siyilola kuti ndizikulondolani pabwalo ndi nkhani. Ndiyambe ndi kupepesa, chifukwa lero ndikamba za dzimbiri. Ndakuona iwe Chanda, dzanja lapita kale m'thumba kukafuna foni. Sindikukudzudzula. Palibe mdzukulu amene anadzukapo m'mawa n'kunena kuti agogo, tandiuzeni za dzimbiri. Koma munthu ukakalamba umasimba zimene zatsalira m'mutu, ndipo m'mutu mwangamu zambiri zinatayika. Chatsala ndi chaka chimene atate anga anafuna kutichokera, kubwerera kwawo ku Malawi ali osaona, kumudzi kumene kunalibenso munthu wowadziwa. Chimene chinayambitsa zonsezo ndi mbedza zowedzera nsomba.

Atate anga, a Banda, inu simunawaone. Anabadwira m'mbali mwa mtsinje wa Bua, ndipo anabwera kuno wapansi ali mnyamata, tauni ino ya Kabwe ikutchedwa Broken Hill. Ankati ulendowo unawathera zidendene. Analowa ntchito pansi pa mgodi, anakwatira konkuno, ine n'kubadwira m'komboni ya mgodi. Pamene mbendera inasintha dziko litalandira ufulu, ife tikuvina m'misewu, iwo anali atatopa kale, tsitsi litayera. Amayi atamwalira ndinawatenga atatewo kuti tizikhala nawo ku komboni ya Bwacha, m'kachipinda kamene tinawonjezera kuseri kwa nyumba. Anali mtchona weniweni, ndiye kuti munthu amene anachoka kwawo kalekale osabwererako. Atchona onse a nthawi imeneyo ankakonda kunena kuti chaka chamawa ndipita kwathu. Ankanena akumwa tiyi, ankanena pamaliro, koma palibe amene ankamanga katundu. Ifenso tinazolowera kungovomera kuti inde atate, chaka chamawa.

Ine ndinkagwira ntchito yoyang'anira mapampu okoka madzi mumgodi. Ntchito yake inali yokhala n'kumamvetsera ngati chitsulo chikulira bwino, ndiye nthawi yowerenga ndinali nayo yambiri. Sukulu ndinaisiya msanga, koma kuwerenga kunandigwira ngati matenda. Ndinkawerenga nyuzipepala zokulungira kapenta, zolemba za pa zitini, timabuku ta makina timene azungu ankataya. Agogo anu aakazi, a Esinati, ankati nditapeza chikwangwani cholembedwa kuti mlatho wagwa, ndikanaima pamlathopo kuti ndimalize kuwerenga. Sankanama.

Zaka zimenezo zinali za chipani chimodzi, ndipo pakati pake zinthu zinayamba kusowa m'masitolo. Inu mumalowa m'shopu n'kumasankha sopo wa fungo limene mukufuna. Ife tinkaima pamzere osadziwa chimene chikugulitsidwa kutsogoloko. Ukaona anthu andandalika, umangoima kaye, kufunsa pambuyo. Saladi, mafuta ophikira aja, shuga, sopo, mchere, zonse zinali za pamzere, ndipo ena ankafika pakhomo la shopu n'kuuzidwa kuti zatha. Nyama inali ya pa Khisimasi. Ndiye nsomba za m'mbedza zanga sizinali masewera, zinali ndiwo za pakhomo. Loweruka ndikaweruka ndinkapalasa njinga kupita ku mtsinje wa Mulungushi, nsungwi nditamangirira pa felemu, nyongolotsi m'chitini, mbatata yophika m'thumba la jekete. Njira yake inali yaitali, yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja. Lero ndikangoiganizira msana umayamba kuwawa.

Mtovu wolemeretsa chingwe sitinkausowa. Kuno kwathu unali wongotola, tinkausungunula m'supuni yakale pa mbaula. Tsopano akutiuza kuti ndi poizoni, ndipo ndikukhulupirira, koma nthawi imeneyo tinkauluma ndi mano kuti ugwire chingwe. Chimene chinkasowa ndi mbedza. Zikatha m'sitolo ya Mmwenye zinkatha miyezi. Mbedza ikakodwa pa chitsa pansi pa madzi, munthu wamkulu, wokwatira, wa ana ake, unkavula buluku n'kulowa m'madzi kukaiwonjola, uku ukupemphera kuti ng'ona zikhale zili kutsidya. Ndipo mdani wamkulu wa mbedza sanali chitsa ayi, anali dzimbiri. Dzinja la kuno mukulidziwa, makoma amachita thukuta, machesi amakana kuyaka. Mbedza ukaisiya yonyowa, pakutha pa sabata yafiira, nsonga yabuntha, ndipo tsiku limene mlamba waukulu wameza, imangothyoka pakhosi n'kukusiya ukuyang'ana madzi.

Apa ndi pamene pankalowera atate. Maso awo anagwidwa ndi ng'ala, loyamba lamanzere, kenako lamanja. Anasiya kuwerenga buku la nyimbo, anasiya kupita okha ku tchalitchi, kadimba ka kuseri anakasiya atazula tomato poganiza kuti ndi udzu. Zinthu zinkawachokera chimodzichimodzi. Chimene chinatsala m'manja mwawo ndi mbedza zanga, chifukwa ntchito imeneyo imafuna zala, ndipo zala zawo zinali zikuonabe.

Tinkazisunga m'chitini chakale cha fodya. Lolemba m'mawa atate ankakhala pamphasa pakhonde, n'kuyala mbedza zonse pa chisaka kuti ziwombedwe ndi dzuwa. Lamulo lawo loyamba linali lakuti mbedza yonyowa isatsekeredwe m'chitini, ngakhale wabwera utatopa bwanji. Lachiwiri, zimene zalowa m'madzi zisasakanizidwe ndi zimene sizinalowe, chifukwa dzimbiri limapatsirana ngati mphere. Zikauma ankazipukuta imodziimodzi ndi kansanza kothira phulusa. Yomwe yayamba kuyabwa pachala ankaikwecha ndi mchenga wosefa, kenako n'kunola nsonga pa kamwala kosalala, n'kuiyesa pa chikhadabo cha chala chachikulu. Ikaterera, sinathe. Ikagwira, yatha. Pomaliza ankaviika nthenga ya nkhuku m'mafuta a nsatsi n'kupaka pang'ono chabe, n'kubaya mbedzazo pa kachidutswa ka phesi louma la chimanga kuti zisakhudzane. Pansi pa chitini ankaikapo khala limodzi loti lizimwa chinyezi, n'kumalisintha. Girizi wa kumgodi ankamukana, ankati nsomba imamva fungo la makina n'kuthawa. Saladi ankamukananso, ankati amamata n'kuitana mphemvu, komanso akanangoyerekeza kumukhudza, nkhondo ikanabuka kukhitchini. Nsatsi zinkamera kuseri kwa chimbudzi, ndipo agogo anu aakazi ndiwo ankazikazinga, kuzisinja ndi kuziphika mpaka mafuta atayandama.

Mbiri inamveka mumzere wathu wonse. Amuna ena owedza anayamba kubweretsa zitini zawo, Abemba, Alenje, anzathu a ku Chipata. Ankafika pakhonde n'kunena kuti, "Mwabombeni, shikulu," moni umene umaperekedwa kwa munthu amene ali pa ntchito. Atate Chibemba ankachilankhula mokhota mpaka imfa yawo, koma moni umenewo ankaukonda kwambiri. Ankayankha mokweza, n'kuyamba kukalipira mwini chitinicho. "Iwe, mbedza izi wazisunga m'kamwa mwa chule?" Anthu ankaseka, n'kukhala pansi, n'kumakamba za mitengo ya ufa ndi za mpira mpaka dzuwa litafika pamutu.

Ndiye kunabwera bokosi.

Kuntchito kwathu kunali mzungu wina amene tinkamutcha Mapaipi. Nthawi ya azungu ambiri kubwerera kwawo itakwana, iye anagawa zinthu zimene sakanatha kunyamula. Wina analandira mpando, wina galu. Ine, poti ankadziwa kuti ndimawedza, anandipatsa bokosi lake la mbedza. Ana inu, sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Linali lachitsulo, lobiriwira, ukatsegula timashelefu tinkatuluka tokha ngati masitepe. M'mphepete mwa chivundikiro munali mphira woti mpweya usalowe. Pakona panali kathumba kansalu ka timibulu tomwa chinyezi. Ndipo mbedza! Zodzaza, zazikulu ndi zazing'ono, zonyezimira ngati siliva. Mkati mwa chivundikiro munamatidwa pepala lachingerezi, ndipo mukudziwa kale chimene ine ndinachita ndisanayang'ane n'komwe mbedzazo.

Ndinafika nalo kunyumba nditalimanga pa keriya ngati mkwatibwi. Ndinaliika pamiyendo pa atate, iwo n'kumalisisita, kutsegula ndi kutseka. Kenako ndinakhosomola n'kuwawerengera pepalalo, mzere ndi mzere, ndikumasulira m'Chichewa ndi mawu a mlaliki. Pepalalo linkati mbedzazo zinakutidwa ndi chitsulo china choteteza, ndipo m'bokosimo zikhala zowala popanda kupaka kanthu.

"Ndiye kuti zimenezi sizichita dzimbiri?" anafunsa atate.

"Pepala likutero, atate."

"Mafuta sizifuna?"

"Sizifuna."

"Phulusa?"

"Zonsezo zatha, atate. Tsopano mupume."

Anatenga mbedza imodzi, anaiyesa pa chikhadabo. Inagwira. Anaibwezera, natseka bokosilo bwinobwino. "Azungu ndi anzeru," anatero, n'kundipatsa.

Ine ndinkaona ngati ndachita chinthu chachifundo. Ndinagawirakonso anansi onse mbedza zonyezimirazo, aliyense zochepa, ndikuyenda mumzere ngati phungu. Lolemba lotsatira pakhonde panalibe amene anabwera ndi chitini. Atate anayala mphasa yawo monga mwa masiku onse, nakhala, manja ali pamaondo. Anthu odutsa ankangoti mwauka bwanji agogo, n'kumapita. Moni wa munthu wa pa ntchito uja unaleka kumveka.

Ukalamba ndikuudziwa tsopano kuchokera mkati, ndiye ndikuuzeni. Chimene chimatopetsa si ntchito ayi. Ndi kudzuka m'mawa, kusamba, kuvala, kenako n'kupeza kuti tsiku lonse palibe amene akudikira kanthu kuchokera kwa iwe. Nthawi imeneyo sindinkadziwa. Ndinkangoona kuti atate ayamba kusiya nshima m'mbale, kuti akugona masana, kuti wailesi ikamalankhula sakuitsutsanso.

Tsiku lina, mvula ili pakati, anandiitana. Ndinawapeza atatulutsa sutikesi yawo yamalata pansi pa bedi. Anali atapinda malaya, jekete la ku tchalitchi ndi bulangete, zonse mwadongosolo, mopapasa.

"Filimoni, mvula ikatha, msewu wa ku Chipata ukauma, undikweze basi."

"Inde atate, chaka chamawa."

"Sindinati chaka chamawa. Ndati mvula ikatha."

Ndinakhala pansi. Ndinawakumbutsa zimene tinamva kwa anthu ochokera kumeneko, kuti mlongo wawo anamwalira kale, kuti mudzi wawo unasamutsidwa pomwe panatsegulidwa esiteti ya fodya, kuti amene atsala ndi adzukulu a anthu ena amene sanamvepo dzina lawo. Ndinawafunsa kuti akatsika basi adzalowera kuti, ndani adzawagwire dzanja, ndani adzawaphikire. Ndinawauzanso zimene ndinawerenga za mapepala ofunika pamalire. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Wamaliza nyuzipepala yako?" anatero. "Kuno ndikungodya, mwana wanga. Ufa ndi wa pamzere, apongozi amauimira padzuwa, ine n'kumangotsegula pakamwa. Kwathu ngakhale asandidziwe, dothi lindidziwa."

Munthu amene anayenda wapansi kuchokera ku Bua sungamutsekere m'chipinda. Ndinadziwa kuti ndikakana, tsiku lina adzangonyamuka okha ndi ndodo, kufunsa njira ya kusiteshoni. Ndipo ndinadziwa kuti akapita, sadzaona dzinja lina. Ndinapita kwa abusa, anabwera, anapemphera, atate anayamika, sutikesi inakhalabe pakhomo pa chipinda. Ndinaitana madala anzawo, atchona anzawo, koma m'malo mowaletsa anayamba kuwatuma moni kwa abale awo.

Amene anaona pamene panali bala ndi agogo anu aakazi. Tikubwera ku msika anangoti, "Atate a Rute, bokosi lanu lija lawachotsa ntchito apongozi." Rute ndi azakhali anu aakulu aja, mwana wathu woyamba. Ine ndinaima panjira. Mabuku onse aja, ndipo chinthu choonekeratu chonchi chinandidutsa ngati basi yodzaza.

Ndinathamangira kukafukula chitini cha fodya chija, ndi mbedza zakale zimene zinali zitayamba kufiira. Ndinapita nacho kwa atate, ndikunena kuti ndaganiza zobwerera ku zakale, zatsopanozi sindikuzikhulupirira. Sanachilandire n'komwe.

"Usandinyengerere ngati mwana wolira. Unandiwerengera wekha. Uli ndi mbedza zosachita dzimbiri, ukufuna zowolazi uzitani?"

Ndinabwerera nacho. Mvula inayamba kuchepa, chimanga m'timinda ta m'mbali mwa njanji chinayamba kuuma ngayaye, ndipo atate m'mawa uliwonse ankafunsa ngati kumwamba kuli mitambo.

Zimene agogo anu anachita ndinazidziwa pambuyo pake, koma inu ndikuuzani tsopano. Muyenera kudziwa kaye kuti iwo ndi atate ankalemekezana mwa chipongozi chakale. Sanakhalepo pamphasa imodzi. Agogo anu akabweretsa chakudya ankagwada pakhomo, n'kulankhula nkhope itayang'ana kumbali, ndipo atate ankawayankha ngati akuyankha mfumukazi. Kukakhala pansi n'kuwauza kuti apongozi musapite, tikukufunani, zinali zosatheka. Pakamwa panali potseka. Ndiye anagwiritsa ntchito chimene chinali m'manja mwawo.

Sabata imeneyo anali ataima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kupeza kapaketi kamodzi ka mchere, koti katifikitse kumene sitikudziwa. Ine ndili kuntchito anatsegula bokosi langa, anachotsa kathumba komwa chinyezi kaja, anakwecha mbedzazo pang'ono pa mwala kuti chonyezimiracho chisupuke, anasungunula mchere m'kapu, nawaza. Tsiku lotsatira anawazanso. Anachita zimenezi masiku angapo, ndipo popeza Loweruka limenelo ndinali pa shifiti, sindinatsegule bokosilo. Chimene ndinaona n'chakuti ndiwo zinasiya kukoma. Chibwabwa chosakolera, nyemba zosakolera. Nditadandaula anangoti mchere ndi wosowa, tizidya moyamika. Atate sanadandaule, anali atasiya kale kusamala za chakudya.

Lamlungu lina titabwera ku tchalitchi ndinati ndikonzeretu zowedzera. Nditatsegula bokosi ndinakuwa. Mbedza zanga zasiliva zinali ndi mawanga ofiira, zina zitamatirirana, timashelefu tonse tili ndi madontho a dzimbiri. Mukuganiza kuti ndinachita chiyani? Ndinawerenganso pepala lija. Ndinaliwerenga kawiri, ndikuloza ndi chala, kuti mwina pali mawu amene ndinadumpha. Ndinatukwana Mapaipi, amene nthawi imeneyo anali kutsidya kwa nyanja osadziwa kanthu. Agogo anu ankatsuka mbale pafupi, osatembenuka.

"Kaonetseni apongozi," anatero.

Ndinapita nalo pakhonde ndili wokwiya zenizeni, ndipo mwina n'chifukwa chake atate anandikhulupirira. Ndinawauza kuti pepala lija linanama. Anapisa dzanja m'bokosi, anatola mbedza imodzi, anaiyendetsa pakati pa zala. Kenako anaseka. Ana inu, panali patapita miyezi ndisanamve kuseka kumeneko. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Pepala! Iwe ndi mapepala ako! Chitsulo ndi chitsulo, mwana wanga, chingachokere ku Ulaya. Tandipatsa phulusa. Mchenga uja ulipo? Nanga nthenga? Musandiuze kuti mafuta a nsatsi munataya."

Ndinathamanga uku ndi uku ngati mtumiki. Agogo anu anabweretsa botolo la mafuta, anagwada patali, analiika pansi, nabwerera kukhitchini, imene inali kuseri kwa khoma lomwelo la khonde. Atate anayala chisaka, anayamba ntchito, uku akung'ung'udza nyimbo ya ku tchalitchi. Yoyamba anaikwecha, anainola, anaipaka. Yachiwiri chimodzimodzi. Itafika ina yaing'ono kwambiri, zala zawo zinalephera kupeza pamene dzimbiri lathera, ndiye anachita zimene ankachita ndi mbedza zazing'ono, anaigunditsa pansonga ya lilime.

Nyimbo inaima.

Anatenga ina, analawanso. Anapisa chala pakona ya kashelefu, nachiika pakamwa. Kenako anatembenuzira nkhope kwa ine.

"Filimoni, ku Mulungushi kunayamba liti kukhala madzi amchere?"

"Amchere? Ayi atate, ndi madzi abwinobwino, timamwa."

"Nanga bokosili unapita nalo kunyanja yaikulu?"

"Ayi, limakhala pansi pa bedi lathu."

Ndikuyankha choncho ndinali ndisanazindikirebe. Ndinazindikira pamene kukhitchini mbale zinasiya kulira. Apo m'pamene ndiwo zosakolera zija zinandibwerera m'kamwa. Atate anali munthu wonyada. Anali atandikanira kale chitini chija chifukwa chosafuna kunyengereredwa, ndipo apa anali ataseka, ataimba, atapusitsidwa pamaso pa mwana wawo. Ndinaona dzanja lawo likupita pa chivundikiro. Ndinati basi, atseka bokosili, ndipo mawa lomwe adzafuna basi, mvula ithe isathe.

Kuwadzudzula apongozi awo maso ndi maso sakanatha, mwambo sunkalola. Kunamizira kuti sanamve mcherewo sakanathanso, anali atafunsa kale mokweza. Pabwalo pankayenda thadzi lathu lofiira, likutolatola pafupi ndi mphasa. Atate analimva, natembenukira kumene linali.

"Iwe nkhuku," anatero ndi mawu oti amveke kuseri kwa khoma, "tamvera. Pakhomo pano pali anthu amene amaima padzuwa tsiku lonse kuti apeze mchere, kenako n'kuupereka kwa zitsulo. Ine ndakalamba, ndayenda, koma zotere sindinazionepo."

Nkhuku inapitiriza kutola. Ine ndinkayang'ana pansi.

"Ndiponso iwe nkhuku, anthu amenewa sadziwa chimene achita. Chitsulo chikalawa mchere sichichira msanga. Ukachipukuta lero, mawa dzimbiri latulukanso kuchokera mkati. Zimenezi zifuna munthu woziyang'anira sabata ndi sabata, mpaka nyengo yozizira ithe, mwinanso kupitirira. Nanga ndisiyire ndani? Uyu wowerenga mapepalayu?"

Apa ine, mwa uchitsiru wanga, ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinawerengapo kuti ukangotsuka ndi madzi abwino n'kuumitsa, mchere umachoka. Ndinangofika pa "Koma atate, ndinawerenga," ndipo kukhitchini agogo anu anagwetsa chivundikiro cha poto mwadala, mwamphamvu. Ndinatseka pakamwa.

"Unawerenga chiyani?" anafunsa atate.

"Palibe, atate."

"Ndi bwino." Anatola mbedza ina, nayamba kuikwecha pang'onopang'ono. "Ukatulutse bulangete langa m'sutikesi muja, kuyamba kuzizira. Jekete ulipachike, lingachite makwinya. Za ulendo tidzaona chaka chamawa."

Ndinaimirira msanga asanasinthe maganizo. Ndili pakhomo la chipinda ndinamva agogo anu akulankhula kuchokera kuseri kwa khoma, kwa nthawi yoyamba osadikira kufunsidwa.

"Zikomo, apongozi."

Atate sanawayankhe iwo. Anayankha nkhuku.

"Ukawauze kuti wotsalawo azithira m'ndiwo. Munthu wa pa ntchito sangadye nyemba zozizira chonchi."

Madzulo a tsiku limenelo anamaliza nshima yonse, napempha ina. Anakhala nafe madzinja ena angapo, ndipo pamene anatisiya, tinawaika konkuno ku Kabwe, pafupi ndi amayi, anthu a mumzere wathu wonse atawanyamula pamapewa.